Bandulo Yaulere ya Mfumu Sindinatero

Ufumu wa Tionamawa suvuta kuupeza. Kwerani basi iliyonse imene kondakitala akulumbira kuti ikunyamuka pompano. Tsikani pomwe phula lathera. Kumanzere muona phiri la Musakwere, pamwamba pake nyumba ya Mfumu. Kumanja msika wa Bolamoyo. Pakati pamadutsa mtsinje wa Dikirani. Mlatho palibe. Pali chikwangwani chokha, chachikulu bwino, cholengeza kuti mlatho uli m'njira. Chikwangwanicho amachipenta chaka ndi chaka.

Kuphiriko kunali a Yotamu Chikadza, Nduna ya Zokumbukira ndi Zoiwala. Mfumu ikanena chanzeru, iwo ankaonetsetsa kuti dziko lakumbukira. Ikanena chinacho, ankaonetsetsa kuti dziko laiwala. Chinacho ndicho chinkawachulukira.

A Chikadza anakulira mumsika wa Bolamoyo, kuseri kwa milu ya tomato ya mayi awo. Tsiku lomwe anawoloka Dikirani kupita kuphiri analumbira kuti tomato sadzamugwiranso, kaya wamuwisi kaya wa m'ndiwo. Umboni wake unali nsapato zawo. Zakuda, zosongoka, zosadziwa matope. Akakhala ndi nkhawa ankaziyang'ana, mtima nkukhala pansi.

Mfumu Sindinatero Wachitatu italongedwa ufumu, inagawa mafoni kwa aliyense wotha kuwomba m'manja. Foni iliyonse inabwera ndi foda imodzi, dzina lake Nkhokwe ya Ufumu. Nkhokweyo inali yolumikizidwa ku Mtambo, ndiye kuti makompyuta ena akuluakulu a kutsidya la nyanja amene munthu wa ku Tionamawa sanawaonepo. A Chikadza akaika chinthu mu Nkhokwe, Mtambo unkachilandira nkuchigwetsera m'foni iliyonse. Zolankhula za Mfumu. Mfumu ikudula riboni. Mfumu ikuyang'ana riboni ina. Mfumu ikuganiza. Kiyi yotsegulira Nkhokweyo inali imodzi kwa onse. "Ufumu umodzi, nkhokwe imodzi, kiyi imodzi," inalamula Mfumu. Zoona zake nzakuti kampani ya mlamu wake, yomwe inapatsidwa ntchitoyo, sinkadziwa kupanga makiyi awiri.

Mafoniwo anabwera ndi bandulo ya nyengo imodzi. Itatha, Mfumu inaika msonkho pa bandulo. Akumsika anayesa kugula kamodzi, napeza kuti Nkhokwe yadya yonse uthenga wa m'bale usanalowe. Analeka. Foni inasanduka tochi, wailesi ndi chojambulira maukwati.

Koma m'masiku a bandulo yoyamba aja munalowa kanema mmodzi. Mfumu itaima pagombe la Dikirani, chisoti kumutu, mtima uli m'mwamba, inati: "Mvula yachitatu ikadzagwa mlatho usanaime pano, ine Sindinatero ndidzatsika phiri, ndidzagulitsa tomato mumsika wa Bolamoyo." Anajambula ndi a Chikadza. Anaika mu Nkhokwe ndi a Chikadza. Tsiku limenelo anapatsidwa mendulo.

Mvula yachitatu inagwa. Inakokolola ndi chikwangwani chomwe.

Nduna zinaitanidwa. Mwambo wa kuphiri unali wakuti nduna iyambe kuwomba m'manja Mfumu isanamalize kulankhula, kuopa kuoneka ngati imayeza kaye mawuwo.

"Ndamva kuti kumsika akuti ndinalonjeza kugulitsa tomato," inatero Mfumu.

Manja anawombedwa. Kenaka anazilala mmodzimmodzi.

"Ndinatero?"

"Simunatero, Mwininthaka," anayankha a Kamphinda, Nduna ya Milatho Yamtsogolo. "Ine ndinalipo. Munkanena za mlatho wa mitima."

"A Chikadza?"

A Chikadza anayang'ana nsapato zawo. "Simunatero, Mwininthaka. Kungoti kanema akuti munatero."

"Ndiye wabodza ndani, ine kapena kanema?"

"Kanema, Mwininthaka."

"Mufufuteni."

A Chikadza anatulutsa foni, nadina. Nduna zinasuzumira m'mafoni awo. Kanema uja anali atazimirira monsemo. A Kamphinda anagwedeza foni yawo, naitembenuza, ngati kanemayo angagwe pansi.

"Ndi mmene zimayendera," anafotokoza a Chikadza, phewa litakwera pang'ono. "Ndikafufuta muno, foni imauza Mtambo. Mtambo umafufuta kwawo, nkuuza mafoni ena onse kuti nawonso afufute. Chala chimodzi, dziko lonse laiwala."

"Nanga wapita kuti?"

"Ali kudzala, Mwininthaka. Mtambo uli ndi dzala lake. Chofufutidwa chimakhala kumeneko mwezi wathunthu, mwina munthu nkusintha maganizo."

Mfumu inadzuka pampando. "Mawu anga kudzala? Pamodzi ndi makoko a nthochi?"

Palibe anakumbutsa Mfumu kuti mawuwo sinanene.

"Lembani lamulo. Mfumu sisintha maganizo. Mawu a Mfumu sagona kudzala. Dzalalo likwiriridwe lero. Chofufutidwa chizipita ulendo umodzi."

A Chikadza anadinanso. Dzala linatsekedwa.

"Tsopano mumve bwino, a Chikadza. Kanemayo ndikadzamumvanso, kaya m'foni ya ndani, tomatoyo mukagulitsa ndinu. Mumsika. M'dzina langa."

Manja anawombedwa. A Kamphinda anawomba kwambiri kuposa onse.

M'mawa mwake a Chikadza anatsika kukaona ngati dziko laiwaladi. Pa Dikirani pali amuna owolotsa anthu pamsana, ndipo ndi okhawo mu ufumu wonse amene amapempherera Nduna ya Milatho. Mmodzi anawabereka. Anawoloka miyendo itakwezedwa, nsapato zili m'mwamba ngati nyanga.

Asanalowe nkomwe mumsika anamva mawu aja. *Ndidzagulitsa tomato.* Ankachokera pabenchi la Nangozo, msuweni wawo, yemwe anatenga malo a mayi awo. Foni inali itatsamira pa dengu. Makasitomala ankaonera akusankha tomato.

"Amuna anga afika," anatero Nangozo osadzuka. "Kuphiri kwagwa maliro?"

"Asuweni, kanemayo anafufutidwa dzulo."

"Muuzeni yekha. Ndi uyu apa."

"Lamulo linatuluka. Mtambo unafufuta."

"Ndiye Mtambo wanuwo ubwere udzandiuze pamaso."

A Chikadza anatola foniyo. Pakona pake panalibe kachizindikiro ka intaneti. 

"Bandulo munagula liti komaliza?"

"Nsapato zanuzo zikadali ng'ombe."

Apo ndi pomwe anazindikira. Kufufuta nakonso ndi uthenga. Kumafuna njira yodzera. Foni yopanda bandulo ili ngati munthu wogontha: mungalamule kuphiri mpaka mawu kusasa, iyo izingosunga zomwe inamva kale. Ndipo ku Bolamoyo foni iliyonse inali yogontha.

Che Jafali, wowotcha kanyenya pafupi ndi benchilo, anawaitana ndi mpeni. "Bwana Nduna, tiuzeni tsiku. Malo a Mfumu tasesa kale. Pakati pa ine ndi mayiwa. Utsi uziwapeza pang'ono, koma azolowera."

"Mfumu sinanene zimenezo."

"Ayi, sinanene. Ifenso sitinamve. Timangoonera."

Pobwerera, wowolotsa uja anawafunsa ali pakati pa madzi ngati Mfumu idzafune kuberekedwa kapena idzasambira. 

Bwalo la nduna linakhalanso. A Kamphinda anati mafoni onse alandidwe. Wina anakumbutsa kuti kuseri kwa foni iliyonse kuli nkhope ya Mfumu, ndipo kuponya nkhope ya Mfumu m'thumba ndi mlandu woukira. Wina anati tomato aletsedwe mu ufumu wonse. Mfumu inaganizira zimenezo kwakanthawi, koma inakumbukira kuti imakonda kachumbali wa tomato ndi anyezi.

A Chikadza anagwada. "Mwininthaka, njira ndi imodzi. Mafoniwo amve. Tiwapatse anthu bandulo yaulere."

 Mawu akuti yaulere anali asanamvekepo m'chipindacho, kupatula ponena za mafuta a galimoto za nduna.

"Yaulere," inabwereza Mfumu pang'onopang'ono. "Kwa anthu."

"Akangoyatsa, Mtambo ulankhula ndi foni iliyonse. Kanema apita. Iwo adzathokoza, osadziwa kuti athokozera chiyani."

Nkhope ya Mfumu inawala. "Mphatso yoti ukalandira umatsala ndi zochepa."

"Ndi momwemo, Mwininthaka."

"Bwanji sitinaiganizire kale?"

"Tinkangoitchula dzina lina," anatero a Kamphinda.

Galimoto ya chimkuzamawu inatsika phiri, nkuima pagombe chifukwa cha nkhani ya mlatho ija, nkufuulira kutsidya. Mfumu yachifundo, tate wa amasiye, yapereka bandulo yaulere kwa aliyense. Yatsani mafoni. Sangalalani.

Kumsika palibe anayatsa.

Boma limeneli linali lisanawapatsepo kanthu kopanda chingwe. Ndipo mphatso yobwera ndi chimkuzamawu ankaiopa kwambiri. Ogulitsa makala anazimitsiratu mafoni. Mayi wina wa zitumbuwa anakulunga yake m'chitenje naiika pansi pa dengu, kuti bandulo ingalowe yokha.

"Ine mbuzi ndimaipatsa madeya ambiri Lachinayi," anatero Che Jafali akutembenuza nyama. "Lachisanu mumadzaidya pano."

Masiku anapita. Mfumu inayamba kufunsa a Chikadza ngati amadziwa kusiyanitsa tomato wakupsa ndi wowola. A Kamphinda anawatumizira chipewa cha mlaza, ati mphatso chabe. A Chikadza anaberekedwanso.

Ulendo uno sanabwere ndi lamulo. Anakhala pa kabenchi, nakweza mapazi pa njerwa.

"Asuweni, Mwatitha akupeza bwanji kunja kuja?"

Nangozo analeka kupanga milu. Mwatitha anali mwana wake yekhayo wamkazi. Anakwatiwa kutali, kudziko la mabasi a masiku atatu, ndipo anali atangobereka kumene.

"Akuti mwana ndi wonenepa. Akuti mphuno ndi yanga."

"Akuti. Simunamuone?"

"Ndimuonera pati?"

"Zithunzi anatumiza. Zili m'njira, zikudikira inu. Mungoyatsa basi."

 "Ndinu mfiti, amuna anga. Mfiti yovala tayi."

"Ndine msuweni wanu. Mukufuna mudzandione pano nditavala chipewa cha mlaza?"

"Ndikufuna kwambiri. Koma mdzukulu ndikumufunanso." Anatsitsa mawu. "Pali kanthu kena. Musandimangitse. Foniyi inadzaza nthawi ya ukwati wa Mwatitha. Ndiye ndinadilitako zina za m'Nkhokwe mwanumo."

"Ziti?"

"Za riboni. Ndi zija akuganiza zija. Sindili ndekha, msika wonse unatero. Wina zolankhula, wina nyimbo, aliyense zomwe zinkamutopetsa. Tikayatsa, kuphiri sadziwa?"

A Chikadza anaseka. Kunali kuseka kwawo koyamba chigwere mvula. Pa moyo wawo wonse wa unduna, zinthu zinkayenda njira imodzi. Malamulo ankatsika. Misonkho inkalengezedwa kumwamba nkugwera pansi. Madzi akuda a kunyumba ya Mfumu nawonso ankatsikira kumsika. Zoti kanthu kangachoke pabenchi la tomato nkukwera phiri, mutu wawo unalibe malo ake.

"Adziwa bwanji? Foni yanu ndi ndani kuti Mtambo uimvere? Yatsani, asuweni."

"Chabwino. Koma tiyatsa tonse pamodzi. Akamamanga amange msika wonse."

A Chikadza anakwera phiri akuimba kamluzu pamsana pa munthu. Anakonza mwambo. Anautcha Tsiku la Kuyatsa. Pabwalo la nyumba ya Mfumu anaimika chinsalu chachikulu choonetsa zonse za mu Nkhokwe ya Ufumu, kuti Mfumu ione ulemerero wake ukutsikira kwa anthu. Panali asilikali, azimayi ovina, nduna ndi akazi awo. Mfumukazi inakhala pambali pa Mfumu ikudzikupiza ndi pulogalamu ya mwambowo.

Lipenga linalira. Kutsidya, msika wonse unayatsa.

Poyamba zinayenda bwino. Foni ya a Chikadza inanjenjemera: uthenga wa Nangozo. Kanema wapita, mdzukulu wafika, mphuno si yanga. A Chikadza anapumira m'mwamba. Anayang'ana nsapato zawo mwachikondi.

"A Chikadza," inatero Mfumu. "Riboni yanga yapita kuti?"

Anakweza maso. Pachinsalu paja, pomwe panali Mfumu ikudula riboni, panali bwalo loyera. Kenaka chithunzi choyandikana nacho chinazima. Kenaka mzere wonse. Mfumu ikuganiza inapita. Mfumu ikupsompsona khanda inapita. Zolankhula za pa tsiku la ufulu, za pa tsiku la mitengo, za pa tsiku lokumbukira zolankhula zina, zonse zinkathothoka ngati nthenga za nkhuku yoviikidwa m'madzi otentha.

Mafoni a ku Bolamoyo anali atasunga nkhani zawo zaka zonsezo. Aliyense anali ndi kake kouza Mtambo: ichi ndinafufuta, ichinso ndinafufuta. Mtambo sunafunse kuti wolankhulayo ndi nduna kapena wa makala. Kiyi inali imodzi. Unamvera, nkufufuta kwawo, nkuuza mafoni ena onse, ya Mfumu yomwe.

A Kamphinda, posadziwa chochita, anayamba kuwomba m'manja. Azimayi ovina anaona ngati ndi mbali ya mwambo, nayamba nthungululu.

"Imitsani," inatero Mfumu.

A Chikadza anadina apa, nadina apo.  Kanema wa tsiku lolonga ufumu anazima iwo akuona. Nyimbo ya fuko inatsatira. Chinatsalira kwakanthawi ndi chithunzi chimodzi cha Mfumu itakwera bulu pa chionetsero cha zaulimi, chifukwa anthu ambiri ankamukonda buluyo. Kenaka wina kutsidya, pofuna malo a zithunzi zatsopano, anachichotsanso.

Chinsalu chinayera. Pakati pake panalembedwa timawu tating'ono: *Mulibe kanthu muno.*

"Bwezani."

"Mwininthaka..."

"Munati kuli dzala. Kafukuleni kudzala."

"Dzala munalamula kuti likwiriridwe, Mwininthaka."

"Ndinatero?"

A Chikadza anatsegula pakamwa. Anayang'ana chinsalu chopanda kanthu chija. Umboni woti Mfumu inatero nawo unali utapita.

"Simunatero, Mwininthaka."

Mfumu inakhala pansi. Inapuma. Anthu a mtundu wake sachedwa kupeza pogwira. "Chabwino," inatero. "Zithunzi tijambulanso. Maliboni alipo ambiri. Chachikulu nchakuti bodza lija latha. Latha, eti?"

"Latheratu, Mwininthaka. Mu Nkhokwe mulibe."

Pamenepo foni inalira. Sinalire ngati belu. Inalira ndi mawu a munthu, amphamvu, odzidalira, kumbuyo kwake kukumveka mtsinje. *Ndidzagulitsa tomato. Ndidzagulitsa tomato. Ndidzagulitsa tomato.*

Asilikali anayang'anana. Nduna zinagwira matumba awo. Mfumukazi inatsegula kachikwama kake mosafulumira, nkutulutsa foni, nkuyang'ana woimbayo, nkudula.

"Ndi telala," inatero. Itaona maso onse ali pa iyo, inawonjezera: "Anandiikira ndi mtsikana wondiluka tsitsi. Kumsika aliyense foni yake imalira choncho, akuti anapatsirana kalekale pa bulututhi. Mumamveka bwino, bambo. Ngati mwamuna."

Zomwe munthu wakopera kunja kwa Nkhokwe, Mtambo suzidziwa. A Chikadza ankadziwa zimenezo. Kungoti sanaganizepo kuti pa zonse zomwe Mfumu inalankhula, pangapezeke mawu oti munthu nkufuna kuwasunga pawiri.

Lamulo linatuluka madzulo omwewo. Linati Mfumu Sindinatero Wachitatu, posunga lonjezo lomwe sinapange, idzagulitsa tomato mumsika wa Bolamoyo kudzera mwa nthumwi yake yapadera. Mwambo wa kuphiri umati nduna yochotsedwa ifufutidwe pa zithunzi zonse za boma. Pa a Chikadza sizinatheke. Panalibe chithunzi chowafufutapo.

Wowolotsa uja anakana kuwabereka. Anati msana wake ndi wa nduna ndi amayi oyembekezera. A Chikadza anavula nsapato, nazimangirira m'khosi, nalowa m'madzi.

Malo anali osesedwa kale, pakati pa Nangozo ndi Che Jafali. Boma linatumiza ambulera yachifumu ndi msilikali woigwira. Chipewa cha mlaza anabwera nacho okha.

"Wamkulu pansi, amuna anga," anatero Nangozo. "Wowola mbali yake muziyang'anitsa kwa inu. Mwaiwala zonse?"

Sanaiwale. Ndicho chinawapweteka kwambiri. Manja ankapanga milu okha, mwaluso, ngati sanagwirepo mendulo.

"Bwana Nthumwi," anaitana Che Jafali mu utsi, "tikuitaneni Mwininthaka kapena tidikire kalata?"

Foni ya wina inalira kuseri kwa makala. Ina inayankha ku zitumbuwa. A Chikadza sanatembenuke.

Kasitomala woyamba anali mayi uja wokulunga foni m'chitenje. Anasankha mulu, natsegula jumbo. A Chikadza anathiramo. Kenaka, mwa chizolowezi cha ubwana wawo, anatola tomato wina mmodzi kuti aike basela.

Mayiyo anatseka jumbo msanga.

"Ayi, bambo. Waulereyo bwezani pamulu. Kunyumba ndili ndi zinthu zomwe ndikuzifunabe."